Notisi Imene Idalandiridwa ndi Mchira

Padangokhala, padangokhala. Amene mwavomera kuti tili tonse mukhaledi nane mpaka kumapeto, chifukwa nkhani iyi ili ndi eni ake, ndipo ena mwa iwo akukuyang'anani pakhoma pomwepo.

Padali landilodi wina dzina lake Nungu. Nyumba yake yaikulu idali kumaso kwa poloti, khomo kuyang'ana kumsewu, ndipo kumbuyo kwake adamanga mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi za lendi. Bamboyu adali woumira kwabasi. Ngakhale cholembera sankagula. Akafuna kulemba kalata yoopseza matenanti ankangozula munga umodzi pamsana pake n'kuuviika mu inki. Makalata ankalemba ambiri, moti pofika nthawi ya nkhani yathuyi dazi lidali litayamba kale pamapewa.

M'chipinda chomaliza, cha nambala sikisi, munkakhala mayi wamasiye dzina lake Nalimata. Mwamuna wake adaterereka kudenga akuthamangitsa njenjete, pansi pali mphaka. Lendi mayiyu ankapereka tsiku loyamba la mwezi, pamenepo tisamunamizire. Polowa m'chipindacho adasainirana pangano ndi Nungu pamaso pa majisitileti Bilimankhwe, ndipo pepalalo lidati: zonse zili pakati pa chitseko cha nambala sikisi ndi khoma la kumbuyo zili m'manja mwa wa lendi.

M'dzikomo mudali malamulo oteteza anthu a lendi. Landilodi asalowe m'nyumba ya tenanti asanaodire ndi kuyankhidwa. Akafuna kuti tenanti atuluke, alembe notisi ndipo ayipereke m'manja mwa mwini wake. Kuyambira tsiku limenelo tenanti ali ndi mwezi wathunthu, ndipo m'mwezi umenewo pasapezeke womusokoneza.

Tsiku lina Nalimata adaikira mazira awiri, otsala a malemu. Inu mukudziwa kuti dzira la nalimata limamatirira pakhoma. Likauma, basi, ukati ulimatule laphwanyika. Ake adawamata pakhoma la kumbuyo, ndipo ankafunika miyezi iwiri kuti aswe.

Mawa lakelo pa poloti padafika wilibala yodzaza katundu, pambuyo pake pakubwera bwana Kanyimbi, mkulu woona za mpweya wabwino m'dziko lonse. Bwanayu ankafuna chipinda chakumapeto, ati kuti asamamve fungo la anthu ena. Nungu atamva za lendi imene bwanayo ankati azipereka, minga yonse idaima njii.

"Bwana, khalani kaye pabalaza panga," adatero atatseka mphuno. "Pofika Loweruka chipinda chikhala chanu."

Adathamangira kumbuyo n'kupeza Nalimata akusesa pakhonde.

"Mayi, pofika Loweruka munditulukiremo."

"Ndalakwanji, alandilodi?"

"Simunalakwe. Nyumba ndi yanga."

"Ndili ndi mazira pakhoma. Mundipirire miyezi iwiri yokha."

"Mazira mukazinge."

Mawu amenewa adamulasa Nalimata mumtima, koma nkhope sidasinthe. "Chabwino, bambo. Bweretsani notisi."

Tsono Nalimata adawerenga masiku. Akalandira notisi lero, mwezi utha mazira asanaswe, Kanyimbi alowa, ndipo dzira lomwe lingapirire mpweya wa Kanyimbi silinaikiridwebe. Choopsa china chidali manja ake. Dzanja la nalimata limamata chilichonse, moti pepala litangomukhudza pachikhatho sakanatha kukana kuti sadalandire. Adalowa m'nyumba, n'kutseka chitseko, manja onse n'kuwamata pakhoma.

Nungu adazula munga, adalemba, adabwera.

"Odi!"

Zii.

"Odi m'nyumba muno!"

Zii.

"Mayi, ndikukumvani mukupuma!"

"Kupuma si kuyankha, alandilodi," adatero Mphemvu wa nambala faifi atasuzumira pawindo.

Nungu adaodira masiku atatu, ndipo tsiku lililonse thukuta linkafufuta inki, iye n'kuzula munga wina. Tsiku lachinayi ludzu lidamutulutsa Nalimata. Adapita pampopi akuyenda ndi miyendo yakumbuyo, manja atabisa m'khwapa. Nungu, amene adabisala kuseri kwa bafa, adalumpha n'kumugwira mchira.

"Landirani!"

Mchira udaduka phwii. Mwini wake adalowa m'nyumba, chitseko n'kutseka. Mchirawo udaphiriphitha pansi, n'kukulunga notisi ija bwinobwino.

Nungu adanyamula mchira ndi pepala lomwe, ulendo wa kukhoti. Majisitileti Bilimankhwe adali munthu wachilungamo, chifukwa diso limodzi linkayang'ana wodandaula, lina wodandaulidwa. Vuto lake lidali miyendo. Kuchokera pakhomo la khoti kukafika pampando adatenga masiku asanu ndi anayi, anthu onse ali chiimire. Nalimata adabwera tsiku lomaliza, manja ali m'khwapa.

"Bambo Nungu, notisi mudapereka?"

"Ndidapereka, bwana."

"Adalandira ndani?"

"Uyu." Adaika mchira patebulo.

"Mayi Nalimata, mukumudziwa ameneyu?"

"Ndikumudziwa, bwana. Tinkakhala limodzi. Tidapatukana pampopi."

"Mudapatukana notisi isanafike kapena itafika?"

"Isanafike, bwana. Nkhani zake za panopa sindikuzidziwa."

Bilimankhwe adasanduka wobiriwira, kenako wofiirira, kenako wamawangamawanga, umo ndi momwe ankaganizira. Adafunsa mchira ngati uli ndi mawu odziteteza. Mchira udagwedezeka kamodzi.

"Wavomera," adatero majisitileti. "Khoti lapeza kuti notisi idaperekedwa mwalamulo kwa a Mchira. A Mchira ali ndi mwezi wathunthu kuti atuluke, ndipo m'mwezi umenewu pasapezeke wogwira nyumba imeneyo."

Madzulo a tsikulo dzuwa lisanalowe, Nalimata adayamba kanyimbo. Mawu ake ndi aja othetheka ngati lilime likumenya kunkhama. Nyimboyo inkathokoza alandilodi chifukwa chomupeputsa kumbuyo, ndipo polekezera inkawafunira moyo wautali ndi msana wofunda. Ana a Mphemvu ndi Kangaude wa nambala folo ankavomera polekezerapo akuomba m'manja. Nungu adamva zonse ali pabalaza, pamene Kanyimbi adali atavula nsapato.

Mwezi umenewo Nungu adaonda. Chakudya ankadyera panja, kugona atatulutsa mutu pawindo. Mchira udakhala pakhonde la nambala sikisi masiku ake onse, ndipo tsiku lomaliza nyerere zidabwera kudzausamutsa mwaulemu. Nungu adaimirira kudikira kuti mwini wake atsatire. M'malo mwake adaona mchira watsopano, waufupi, ukusuzumira pansi pa chitseko.

"Ameneyo ndi ndani?"

"Mlendo, alandilodi," adatero Mphemvu. "Wangofika kumene, sanalandire kanthu."

Apa Nungu adachita zimene malandilodi amachita mutu ukawatentha. Adabwera ndi hamala n'kuzula chitseko ndi mahinjesi omwe, ati akukachikonza. Tsono poti chitseko cha nyumba yake yaikulu chidali chitadyedwa ndi chiswe, kuumira kuja kudamunong'oneza kuti chitseko chabwinobwino chisangokhala. Adachikhoma pakhomo lake lakumsewu, nambala sikisi ili pomwepo.

Adabwerera ndi notisi yatsopano n'kuima pakhomo lopanda chitseko.

"Odi!"

Nalimata adali pakhoma, manja atamata, akumuyang'ana m'maso. Nalimata saphethira, choncho adayang'anana mpaka maso a Nungu adachita misozi.

"Mayi, ndikukuonani!"

"Kuona si kuyankhidwa, alandilodi," adatero Kangaude ali pakona.

Tsiku lomwelo kudagwa mvula yoyamba, ngumbi zidatuluka n'kumalowa m'chipindamo popanda chozitchinga. Nalimata adadya mpaka mimba kuwala. Nyimbo ija idabweranso, itatalika. Idathokoza za mchira, n'kuthokozanso alandilodi chifukwa chotsegulira ndiwo njira, ndipo mdadada wonse udavomera za moyo wautali ndi msana wofunda. Ngakhale Kanyimbi adayamba kugwedeza phazi.

Patapita masiku atatu Nungu adakwera pamwamba n'kusasula malata onse a nambala sikisi, ati akukawongola. Adawakhoma padenga lake pamene pankadontha.

Izi sizidaseketse. Mvula idagwa masiku anayi osakata, madzi akutsetsereka pakhoma kulunjika pamazira. Nalimata adagona pamwamba pa mazirawo, thupi lake n'kukhala denga. Adazizidwa mpaka zala zidayamba kumatuka, ndipo ankazimata chimodzichimodzi akulira. Adachita mantha kwambiri, chifukwa mwamuna adapita, ndipo chimene adamusiyira chidali pansi pa mimba yake, chikuzizira. Koma ataona Nungu akusuzumira ndi ambulera, adameza misozi n'kuyamba nyimbo. Idatchula mchira, idatchula chitseko, idathokozanso alandilodi chifukwa chomubweretsera madzi m'nyumba osayenda ulendo wa pampopi. Mawu ankanjenjemera. Anzake adavomera mokweza kuposa kale kuti kunjenjemerako kusamveke.

Mvula itakata, padatsala masiku khumi ndi limodzi kuti mazira aswe. Nungu adali atazula minga pafupifupi yonse, msana uli see. Adabwera ndi piki, ndipo ulendo uno sadapite kukhomo. Adazungulira kuseri kwa khoma la kumbuyo.

"Kunja kuno sikufuna odi," adatero akulavulira m'manja. "Khoma ili lapendekeka. Ndikuligwetsa kuti ndilikonze."

Piki idagunda kamodzi. Khoma lidanjenjemera, dothi lidayoyokera pamazira.

"Alandilodi!" Nalimata adatulutsa mutu pamwamba pa khoma. "Mwapambana. Notisi ndilandira."

"M'manja?"

"M'manja, onse awiri mukafuna. Koma ndilandire pamaso pa majisitileti, ayendere kaye nyumba yonse. Mawa mungadzati ndidaba chitseko."

Mumtima Nalimata ankati, kuchokera kukhoti kufika kuno Bilimankhwe atenga masiku khumi ndi awiri, ana adzakhala ataswa. Koma dazi la Nungu lija lidamusokonezera masamu. Nungu adaponya piki, adathamangira kukhoti, ndipo poti msana udali wosalala, adangobereka majisitileti ndi mkanjo womwe. Dzuwa lisanafike pamutu adali atafika. Bilimankhwe adatsika ali wotuwa, chifukwa chibadwire adali asanayendepo liwiro lotero.

Nalimata atawaona adayang'ana mazira ake. Piki idali chigonere patsinde pa khoma, ndipo adadziwa kuti majisitileti akangotembenuka, Nungu adzapeza chifukwa china chokonzera khomalo. Adayang'ana pakhomo pake pamene padali chitseko, adayang'ana kumaso kwa poloti, kenako adatsika pakhoma pang'onopang'ono.

"Takulandirani, bwana. Poti mwabwera kudzayendera nyumba, tiyambire pachitseko, monga pangano likunenera."

"Chitseko chili kuti?"

"Tiyeni ndikuonetseni."

Adawatsogolera kudutsa nambala faifi, folo, mpaka wani, kuzungulira nyumba yaikulu, n'kukaima kumsewu. Matenanti onse adatsatira. Bilimankhwe adakweranso pamsana pa Nungu, poti adali atayamba kuzolowera.

"Ichi, bwana."

Diso limodzi la majisitileti lidawerenga nambala pachitseko, lina lidawerenga pangano.

"Bambo Nungu, chitseko ichi ndi cha nambala sikisi?"

"Ndi chomwecho, bwana, koma ndidangoti..."

"Adachikhoma pano ndani?"

"Ndine, koma..."

"Mayi Nalimata adakupemphani?"

"Ayi."

"Ndiye kuti mudachita mwa kufuna kwanu. Khoma la kumbuyo lili pomwe lidali?"

"Lili pomwepo, bwana," adayankha Nalimata. "Alandilodi angoligunda kamodzi kokha."

Bilimankhwe adasintha mitundu yonse imene ankaidziwa, n'kuonjezera wina umene anthu adali asanauonepo.

"Pangano likuti zonse zili pakati pa chitseko cha nambala sikisi ndi khoma la kumbuyo zili m'manja mwa wa lendi. Chitseko chili kuno, khoma lili uko. Pakati pake pali chiyani?"

"Balaza la alandilodi," adatero Mphemvu.

"Chipinda chawo chogona," adatero Kangaude.

"Khitchini, bafa, mpopi, ndi ife tonse," adatero ana a Mphemvu.

"Ndi ine," adatero Kanyimbi pawindo.

"Khoti lapeza kuti bambo Nungu adakuza nyumba ya tenanti wawo mwa chifundo chawo, lendi osakweza. Ndi chinthu chosowa masiku ano, ndipo khoti likuwayamikira."

Nthungululu zidamveka mpaka poloti yachitatu. Nungu adagwetsa majisitileti, n'kuwatola, n'kupepesa.

"Ndichizula pompano ndikachibwezere!"

"Chitseko cha tenanti simuzula popanda chilolezo chake. Poyamba paja mudazula khoti lisanaone. Tsopano laona, ndi maso awiri osiyana."

"Ndiye ndigwetsa khoma!"

"Khoma likagwa nyumba ya mayiwa ikhala yopanda malire kumbuyo. Kuseri kuja kuli dimba la yani?"

Dimbalo lidali la Nungu yemweyo, ndipo chinangwa chidali chitakhwima.

"Tsono bambo," adapitiriza majisitileti, "pachitseko ichi mwakhala mukulowa sabata yathunthu. Mudaodirapo?"

"Kuodira m'nyumba mwanga?"

"M'nyumba mwa tenanti wanu."

"Bwana, zimenezo ndawakhululukira," adatero Nalimata. "Sindine munthu wotulutsa mnzanga pamvula. Azikhala, bola aziodira. Alandilodi, notisi ija ili kuti? Ndidalonjeza."

Adatambasula dzanja. Nungu, mutu utaima, adatulutsa pepala limene adalemba ndi munga wake womaliza wa pamsana. Lidamata pachikhatho cha mayiyo kuti phaa, anthu onse akuona.

"Yalandiridwa," adatero Bilimankhwe. "Mwezi wathunthu kuyambira lero, ndipo pasapezeke wogwira khoma, denga kapena chitseko. Ndani andibereke pobwerera?"

Tsiku lomwelo matenanti adachotsa malata awiri padenga la nyumba yaikulu, poti tsopano linali denga la Nalimata, n'kukafunditsa khoma la kumbuyo. Mazira adauma. Nungu adayesa kuuza Kanyimbi kuti akafune malo kwina, koma bwanayo adatambasula miyendo pa sofa.

"Ndakhala pano kupitirira mwezi, achimwene. Bweretsani notisi."

Nungu adadzipapasa kumsana, ndipo padalibe cholembera.

Choncho tsiku lililonse landilodi ankaima pakhomo la nyumba imene adamanga yekha, n'kuodira. Nalimata adali kumapeto kwenikweni kwa poloti, ndiye odiyo ankachita kupatsirana. Nambala wani ankauza thuu, thuu n'kuuza fili, mpaka kukafika pakhoma, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Nthawi zina odi ankasochera pa nambala folo, Kangaude akakhala kuti watanganidwa. Mayiyo sadamukanize ngakhale kamodzi. Ankangofuna kuti asanalowe aziimba polekezera pa nyimbo ija, pa moyo wautali ndi msana wofunda. Nungu ankaimba ndi mawu a munthu wodwala dzino, anthu odutsa mumsewu n'kumavomera.

Tsiku la khumi ndi chimodzi kudagwanso mvula. Nungu adafika kuchokera kudimba atanyowa, dazi likuwala, n'kugogoda.

"Odi!"

Zii.

"Odi m'nyumba muno!"

Sadayankhe wa nambala wani, sadayankhe wa nambala thuu. Onse adali kumbuyo, atazungulira khoma, pamene Nalimata ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, zikamba ziwiri za mazira ongoswa kumene zili pakhoma pamwamba pake. Nungu adaodira kachitatu. Ndiye pamwamba pa chitseko padasuzumira timitu tiwiri tating'ono ngati njere za mpunga, timaso tosaphethira, timanja titabisa m'khwapa.

"Ndinu ndani, bambo?" kadafunsa kamodzi.

"Ndine mwini nyumba!"

Tiwiri tija tidayang'anana.

"Amayi akuti mudikire, akutisambitsa."

Mwezi utatha Nalimata adatuluka monga lamulo lidanenera, katundu pamutu, mutu uli m'mwamba. Koma ana aja adalibe notisi, poti idalembedwa iwo asanabadwe. Adatsala, ndipo mayi awo adabwerera madzulo omwewo ngati mlendo wa ana ake. Nungu adapirira fungo la Kanyimbi sabata ina imodzi, kenako adakakumba una kutchire, wopanda chitseko choti wina angachiwerenge nambala. Minga idameranso, koma mpaka lero mukamuyandikira amakutembenuzirani msana n'kukusiyirani umodzi m'mwendo. Musakwiye naye, akuyesa kupereka notisi.

Ana a Nalimata adabalalika m'nyumba zonse za m'dziko, ndi yanu yomwe. Mukafuna kuwatulutsa lembani pepala lanu bwinobwino, muodire, muwagwire. Mudzatsala ndi mchira m'manja.

Yanga yathera pamenepa. Womaliza kutuluka atseke chitseko, ngati alandilodi anu adakusiyirani.